Tsiku Limene Ndinaothera Dzuwa Mwana Wanga

Mpaka lero apongozi anga aakazi tikakumana amayang'ana pansi. Anthu amati ndi ulemu, koma ine ndimadziwa kuti akubisa phwete.

Zinayambira kusikelo. Anesi atamuimiritsa mwana wathu Tadala, anati miyendo yake yayamba matewe, mafupa akusowa vitamini D. Anafotokoza kuti mazira ndi usipa zimathandiza pang'ono, mafuta a nsomba amaposa pamenepo, koma dzuwa la m'mawa likamafika pakhungu ndiye limagwira ntchito yaikulu. Tsono kwathu ku Lizulu kumazizira, mwanayo tinkamufunditsa mpaka kuoneka mphuno yokha.

Ine, bambo wakhama, ndinati tiyesa zonse. Mazira Tadala anawakana, ndiye ndinkadya ndine (kutaya chakudya ndi tchimo). Mafuta a nsomba ndinakagula, koma Lamulungu m'mawa anandilavulira supuni yonse pajekete. Kutchalitchi benchi inali yanga ndekha, ondiyandikira anali ntchentche basi.

Kunatsala dzuwa. Mayi ake atapita kumsika, ndinayala mphasa kuseri kwa nyumba n'kumuvula juzi. Analira ngati ndamutsina. Ndinaganiza zomupatsa chitsanzo. Ndinavula malaya, sanatonthole. Ndinavula buluku n'kutsala ndi kabudula wamkati (yemwenso anali atatopa ndi moyo), n'kugona chagada. Mwana anatonthola, ine tulo tinanditenga.

Ndinadzidzimuka ndi odi. Apongozi, ochokera ku Champiti osatumiza mawu, anali ataima pomwepo atamunyamula Tadala, amene anamupeza kukhola akulawa chakudya cha nkhuku. Buluku ndinalifufuza osaliona, ndiye ndinangodzikulunga ndi mphasa ija. Ndili mumphasamo ndinayamba kulongosola za anesi, mafupa ndi vitamini. Anamvetsera modekha, maso ali pamiyendo yanga imene inatulukira kunsi.

"Bambo a Tadala, dzuwalo mwana aziwotha ndithu," anatero. "Koma miyendo iyi lero ndaiona. Kodi kwanu dzuwa silinkatuluka?"

Ndinayang'ana pansi. Pakati pa mawondo anga mwana wa mbuzi akanadutsa osandikhudza. Madzulo ake ndinafunsa mkazi wanga chifukwa chimene sanandiuzirepo. Anati ankayesa ndikudziwa.

Tadala amaothabe dzuwa m'mawa uliwonse, ndipo anesi akuti miyendo ikuwongoka. Ine ndimamulondera ndili pampando, nditavala buluku lalitali, sokosi ndi nsapato.