Siyani Sampulo, Mubwere Mawa

Lolemba

Yapsa. Kompyuta yanga yapsa ndikuona, sabata yeniyeniyo imene ndikuifuna.

Chibwerere ku Lilongwe kuno yakhala m'katoni kuseri kwa chitseko, chifukwa m'boyizikota muno mu Area 3 mulibe ndi poika tebulo pomwe. Anati unduna wathu nawo uchoke ku Zomba ubwere kulikulu, nyumba tikupezerani. Mwezi wachinayi uno akundipezerabe. Katundu wa mabanja atatu mulole imodzi, ndipo katoni imene ndinalembapo ndi dzanja langa kuti ZOSWEKA ndinaipeza pansi pa matumba a makala a eni ake.

Lero poweruka ndaitulutsa, ndaipukuta, ndalumikiza zingwe. Kudina batani, phu! Kautsi, fungo la pulasitiki wopserera, kenako zii.

M'menemo muli mawu a bambo anga. Chaka chatha akudwalira kwanga ku Zomba, miyezi itatu yathunthu, ndikangoweruka ankakhala pampando pambali panga, iwo kunena, ine kutayipa. Moyo wawo wonse: ubwana, ulendo wapansi wa ku Joni kumigodi, kukwatira amayi, zonse. Masamba 46. Sindinapulinte chifukwa ankati sanamalize. Disiketi imene ndinasungiramo inachita chuku ndi chinyezi cha ku Zomba.

Loweruka likudzali ndi mwambo wa chiliza chawo kumudzi, kupitirira Mitundu. Ndipo ine, ndi pakamwa pangapa, ndinauza abale onse kuti mbiri ya malemu sitichita zongopeka, ndidzawerenga mawu awo enieni.

Koma sindikuda nkhawa, kuno ndi kulikulu. Pulani:
1. Mawa kuimbira nambala ili pachipepala kumbuyo kwa kompyuta.
2. Kugula chimene chapsacho.
3. Lachitatu kupulinta.
4. Lachinayi kuika chikuto chabwino, chabuluu.

Lachiwiri

Nambala ija ndi ya nthawi imene manambala anali aafupi. Ndawonjezera za kutsogolo, yalira, wayankha bambo wina ku Blantyre. Ati, "Kuno timagulitsa simenti ndi malata, mayi. Akompyuta aja anachoka ine ndisanakwatire." Pachipepalapo analemba kuti thandizo lilipo nthawi ina iliyonse. Bodza lomata ndi guluu.

Wamakompyuta wa kuofesi kwathu ali ku wekishopu. Chibwerere kuno nkhope yake sindinaionepo, ndimangoona jekete pampando.

Ndapempha kuchoka msanga. Bokosi pamutu, kutsetserekera ku Old Town, dzuwa la Okutobala lili nganganga. Anthu atatu andilozera kwa a Jumbe, mkulu wa magalasi omanga ndi waya. Chikwangwani chawo: TIMAKONZA WAILESI, AYIRONI, TV. Pansi pake, ndi penti wa mtundu wina: NDI KOMPYUTA.

Atsegula, anunkhiza, ati ndi pawa sapulayi. Afunsa, "Muli zofunikira umu?" Ine ndati ayi, timakalata chabe. Mmisiri sumuuza kuti wapanikizika, mtengo umakwera pomwepo. Ndi mwana yemwe amadziwa zimenezo.

Amasula kabokosi kachitsulo, andipatsa m'manja. "Sampulo iyi, yendani nayo." Momwe amachitira a magalimoto akafuna sipeya: dzina la chinthu ulibe nalo ntchito, umangonyamula chakufacho n'kumaonetsa anthu mpaka wina achizindikire. Ndayenda nacho msewu wonse wa Malangalanga. Aliyense akuchitembenuza, akuchigwedeza pafupi ndi khutu ngati akuyesa dzira, n'kundilozera kwa mnzake. Wachisanu ndi chiwiri ati, "Ilipo, koma ili kunyumba. Siyani sampulo, mubwere mawa."

Ndasiya. Mapazi atupa, koma tsiku limodzi lokha ndi limene latayika.

Lachitatu

Kunyumba kuja ndi ku Blantyre. Sampulo yanga yakwera basi m'mawa. Munthuyo akundiuza zimenezi akudya chinangwa, alibe ndi manyazi omwe. Wandipatsa ina yamakono, ati zonse n'chimodzimodzi. Si chimodzimodzi. A Jumbe ayesa uku, ayesa uku, mapulagi sakulowa.

Ati ndiye tisinthe bodi kuti igwirizane ndi pawa sapulayi yatsopanoyi. Amasula bodi yonse, chimbale chobiriwira chija, andikulungira m'nyuzipepala. Ati zoterezi ndi ku City Centre.

Amene anajambula City Centre anali ndi galimoto, ndipo ankaganiza kuti tonse tili nazo. Nyumba pano, tchire, nyumba ina uko, pakati pake palibe ndi mthunzi womwe. Ndafika pasitolo ya magalasi okhaokha thukuta lili kamukamu. Mtsikana wa zikhadabo zofiira watsegula nyuzipepala ndi zala ziwiri. "Iii, madamu, izi zikadalipobe?" Waitana anzake awiri kuti adzaone. Wina ati anaziphunzira kusukulu, pa mbiri ya makompyuta.

Malangizo awo: gulani yatsopano. Ngati ndawafunsa za yatsopano. Zaka 23 ndili tayipisiti m'boma, ndinayamba ndi taipi ya riboni iwo asanamere ndi mano omwe, lero andiseke ine? Ndawayang'ana mpaka asiya. Pomaliza ati abwana awo mwina angadziwe, koma achokapo. "Siyani sampulo."

Ndasiya. Ndikanatani?

Pamene pali ziwalo za kompyuta yanga pofika madzulo ano:
pawa sapulayi, pabasi ya ku Blantyre
bodi, m'dirowa ku City Centre
sikirini ndi kiyibodi, pansi pa bedi
zotsala, kwa a Jumbe pakati pa maayironi

Achimwene aimba kuofesi kuchokera kumudzi. Ati abwereka chimkuzamawu kutchalitchi kuti ndi akumbuyo omwe adzamve. Ati azakhali akubwera kuchokera ku Kasungu, ndi mwendo wawo uja, kudzamva mlongo wawo akuyankhula komaliza. Ndati zonse zili m'malo. Mulungu andikhululukire.

Lachinayi

Ndalakwitsa kalata ya abwana, malo awiri. Ine! A Mhango, abwana angawo, andiitana, afunsa ngati ndikudwala. Ndafotokoza zonse. Aseka mpaka kuvula magalasi.

"Mama, mawu sakhala mu bodi kapena mu pawa sapulayi. Amakhala mu hadi disiki, kabokosi konga sopo wochapira. Mukangokachotsa n'kukaika mu kompyuta ina ya msinkhu womwewo, basi."

Basi! Masiku awiri ndikuzungulira mzinda uno ndi zitsulo m'nyuzipepala, ndipo a Jumbe, a Malangalanga, a zikhadabo zofiira, palibe ndi mmodzi yemwe woti n'kundiuza zimenezi. Inenso sindinafunse. Zaka zonsezi ndimangodziwa za kunja kwa bokosi. Safunsa anadya phula.

Mwayi wake, a Mhango ali ndi inzake yeniyeni. Tinagula pa okushoni imodzi ku Zomba pamene pulojekiti ina inkatseka. Ili m'sitolo kunyumba kwawo ku Area 43, ana awo amakana ndi kuigwira komwe. Ati katengeni. Iwo ali ndi msonkhano, ndiye ndipite ndekha.

Minibasi imakusiya pamsewu waukulu, kwinako ndi kwako. Antchito akutuluka, ine ndikulowa. Mipanda, agalu, mipanda. Manambala a nyumba sakutsatana, kaya anachita kuwamwaza. Ndafika, mlonda wandiyang'ana nsapato, ati, "Antchito alipo kale, mayi." Ndamuuza mawu awiri atatu amene sindilemba muno.

Mayi Mhango ndi munthu, andipatsa madzi ozizira. Tailumikiza pakhonde. Ikulira ngati chigayo, koma yayaka. Yayaka!

Pobwerera bokosi pamutu mpaka kumsewu. Magalimoto akundidutsa, ina ya mkulu wina amene ndimamutayipira malipoti sabata iliyonse. Wayang'ana kumbali. Ndamuona ndipo ndasunga.

Chikuto chabuluu tachisiya, sitepulo ikwana. Mawa m'mawa kwa a Jumbe, masana kupulinta, madzulo kumudzi. Mtima wakhala pansi.

Lachisanu

Ndafika a Jumbe akutsegula kumene. Ndatula kompyuta ya a Mhango, ndati ikani hadi disiki yanga umu, pompano, ndikuona.

Amwetulira. "Mayi, ine ndakuganizirani."

Ati poti zonse za m'kati tikusintha, aona kuti disiki nayo ndi yakale, yaing'ono, yosayenera munthu ngati ine. Mlamu wawo amakwera basi kupita ku Joni kukaoda katundu. Wanyamuka dzulo m'mawa. Amupatsira disiki yanga ngati sampulo. "Akubweretserani yatsopano, yaikulu, yopanda kanthu."

Nanga yakaleyo? "Aa, sampulo sikawirikawiri kubwerera, mayi. Imatsala kusitolo komweko."

Foni? Alibe. Basi ili pati? Pano yadutsa kale Tete.

Ndakalipa. Ndakalipa mpaka ogulitsa tomato asiya malonda kudzaonerera. Ndawauza kuti ndi akuba, kuti penti wa pachikwangwani chawo ndi wanzeru kuposa iwo, kuti m'kabokosi kameneko muli bambo anga. A Jumbe angondisiya nditope, kenako mwaulemu ndithu ati, "Paja munati muli timakalata chabe."

Chimene chikundiwawa kwambiri ndi chakuti sakunama.

Ndiye bambo apitanso ku Joni. Ulendo woyamba anayenda wapansi, uno ali m'thumba la jekete la munthu amene ndi dzina lomwe sindikumudziwa.

Ndasenza mabokosi onse awiri, la a Mhango ndi chigoba changa chija, kubwerera kunyumba. Ndati palibe kanthu, mutu ndili nawo. Ndinatayipa ndine, ndilembanso zimene ndikukumbuka, olo masamba khumi. Ndayatsa kompyuta ya a Mhango, ndaika zala pa kiyibodi. Ola lathunthu.

Mulibe. M'mutu muno mulibe kanthu. Kusukulu ya utayipisiti anatiphunzitsa kuti mawu azilowa m'khutu n'kutsikira kuzala, asaime m'mutu, ukawaganizira liwiro limatsika. Ine ndinali woyamba m'kalasi. Nchifukwa chake makalata achinsinsi amapatsa ine, ndikafika pachitseko ndaiwala kale. Ndikukumbuka chifuwa chawo. Ndikukumbuka kuti dzina la mgodi anachita kunditchulira chilembo chimodzichimodzi, koma dzinalo ayi.

Zimene ndapeza:
Anabadwa.
Anapita ku Joni.
Anabwerako.
Anakwatira amayi, tinabadwa asanu.
Anamwalira.

Zimenezi ndi mlonda wa ku Area 43 yemwe akanatha kulemba. Sindinapulinte, ndangokopera pamanja. Kumudzi ndipita mawa m'mawa, lero nkhope ndilibe.

Loweruka

Anthu ndi ambiri kuposa pamaliro. Chiliza ndi chokongola, achimwene mbali yawo aigwira. Chimkuzamawu chikugwira bwino kwambiri, tsiku lokhalo limene ndimafuna magetsi a batire atatha.

Abusa ati, "Tsopano timve malemu m'mawu awoawo, monga anawalembera mwana wawo wa ku boma."

Ndaimirira. Ndawerenga mizere isanu ija pang'onopang'ono, kuikoka ngati nyimbo ya maliro, komabe siinakwane ndi mphindi yomwe. Ndamaliza. Anthu akudikira kuti nditembenuze pepala. Ndalitembenuza, kuseri kuli mbee, ndakhala pansi.

Azakhali ali pamphasa, mwendo atautambasula. Sanakalipe. Angoti, "Ndi zomwezi?" Chimkuzamawu chinali pafupi nawo, ndiye amva ndi akumbuyo omwe.

Pa chakudya palibe wandifunsa kanthu, ndipo bola akanandifunsa. Pondiperekeza kokwerera, achimwene ati, "Miyezi itatu ankanena zomwezi?" Ndayamba kufotokoza za lole, za utsi, za sampulo. Andidula. "Chabwino, kompyuta yapita ku Joni. Nanga iwe sunalipo?"

Minibasi yabwera ndisanayankhe.

Lamulungu

Kutchalitchi sindinapite. Mapazi, komanso nkhani zimayenda msanga kuposa minibasi.

M'nyumba muno tsopano muli makompyuta awiri. Ina ilibe za m'mimba, ina si yanga ndipo mawa ndiyenera kuisenza kubwerera ku Area 43. Pawa sapulayi akhale nayo a ku Blantyre. Bodi aisunge a zikhadabo zofiira, aziphunzitsira anzawo. Mlamu wa a Jumbe ati abwera pakatha sabata ziwiri. Ndidzapita kukafunsa, ngakhale yankho ndikulidziwa. Adzandipatsa disiki yaikulu yopanda kanthu, ndipo adzayembekezera kuti ndithokoze.

Tsiku lonse ndayesetsa kukwiya. Ndayamba ndi woyendetsa lole, ndapita kwa amene anamata chipepala chabodza chija, ndafika kwa a Jumbe, ndabwereranso kwa amene anatisamutsa ku Zomba. Mkwiyo ukumatha msanga, sukufika ndi madzulo omwe. Azakhali abwerera ku Kasungu m'mawa uno osanditsanzika.

Ndachapa, ndasita zovala za mawa. Posita ndakumbuka chinthu chimodzi, ndipo ichi ndiye ndikuchikumbuka bwinobwino. Bambo akamaliza nkhani iliyonse ankaima, n'kutembenukira kwa ine, n'kufunsa kuti, "Wamva?"

Ine maso ali pa sikirini, ndinkayankha kuti, "Ndalemba, pitirizani."