Tingotsuka ndi Lole ya ku Chikamwini

Mwambi mukundifunsawu unayamba chonchi, ndipo ndikamba kamodzi kokha, ine msana wandikana lero.

Kufupi ndi Mponela kunali bambo wina, a Yotamu Chimkwita, mkamwini pamudzi wa akazi awo. Za chikamwini mukuzidziwa: ana mpaka kumera ndevu, iwe ukadali mlendo. Chimene chinkawapatsa a Yotamu mpando pamaliro ndi paukwati chinali kalole kawo kakale konyamula chimanga. Tsiku lina kaloleko kananoka injini, injiniyo kuferatu, ulemu nawonso n'kuyamba kuchepa.

Alamu awo, a Zefaniya, eni mbumba, anagulitsa ng'ombe ziwiri za pamudzi kuti agule injini ina yogwirapo kale ntchito. Popereka anati, “Alamu, ng'ombe za mbumba ndi izo zapita. Injini iyi ikafanso, musadzatchulenso za galimoto pamudzi pano. Mudzagwira khasu m'munda mwa apongozi anu ngati mkamwini wadzulo.”

A Yotamu anapita nayo injiniyo kwa a Lunguzi, makaniko wachikulire amene anali atatopa kale ndi eni magalimoto. Pomasula injini yakufa ija, a Lunguzi anatulutsa chitsulo chokhala ndi timipaipi tambirimbiri n'kuchiponya pambali.

“Mukutayiranji chimenecho?” anafunsa a Yotamu.

“Iyi ndi kula, yoziziritsa oyilo. Injini ikanoka imadzidya yokha, ndipo nyenyeswa za chitsulo zimakabisala m'timipaipi umu. Mukaibwezera, izilavulira mu injini yatsopanoyi. Kaguleni ina.”

“Yabooka?”

“Ayi.”

“Yapindika?”

“Ayi.”

“Nanga mbale ikada timataya? Tingotsuka.”

Kunena zoona, a Yotamu anali ndi mantha. Kubwereranso kwa alamu kukapempha mbuzi pamwamba pa ng'ombe ziwiri? Aa, bola kufa! Anatola kula ija, kuthiramo parafini, kukhutchumula, kukhuthula. Munatuluka zakuda bii. Anabwereza katatu n'kupita nayo kwa a Lunguzi akumwetulira.

A Lunguzi sanadzuke n'komwe pansi pa galimoto. “Zimene zatulukazo n'zimene zimafuna kutuluka. Zokakamira zimadikira oyilo atenthe.”

“Ndiye kuti sinayere. Tingotsukanso.”

Basi, bambo wamkulu ndi kula yake kumjigo, pakati pa amayi otsuka miphika. Amayi aja, pomva chisoni, anayamba kupereka nzeru. Uyu akuti sopo wa ufa, uyu akuti phulusa. Wina wachikulire anati, “Ife botolo likada m'kati timathiramo mchenga n'kukhutchumula.” A Yotamu anawomba m'manja: nzeru zake n'zimenezo! Anatapa mchenga wosalala, kuthira m'timipaipi muja, kugwedeza mpaka mapewa kuwawa, kutsukuluza, n'kukwecha kunja konse ndi phulusa. Anayanika pathandala pamodzi ndi mbale za akazi awo. Kula ija inawala mbee, munthu n'kudzionerapo nkhope.

A Lunguzi ataiona anapuma mpweya wautali, n'kupukuta manja pang'onopang'ono.

“Bambo, ine ndakalamba nazo izi. Manja anga mwalemba ganyu, ndimanga. Koma mawu anga mwawamva.”

“Mangani, akulu. Inu amakaniko chilichonse mumangoti kagule, kagule.”

Anamanga. Atatembenuza kiyi, injini inalira mokoma, ee, ngati yochokera kufakitale. A Yotamu anawayang'ana a Lunguzi ndi diso la “nanga bwanji?” n'kuliza hutala mpaka kwawo.

Loweruka kunali ukwati ku Dowa. A Yotamu anakweza mbumba yonse kumbuyo, apongozi pa mpando wa ndalema, amayi akuimba nthungululu. A Zefaniya anakhala kutsogolo atavala jekete. Pachigwa zinayenda bwino. Koma pofika pazitunda oyilo anatentha, nyenyeswa zija zinamasuka, n'kutengana ndi mchenga wa kumjigo ulendo wa m'injini. Kagetsi kofiira kanayaka. A Yotamu anakaphimba ndi chala.

Kenaka kho, kho, kho, khokhokho! Zii.

Nthungululu zinathera pakhosi. A Zefaniya anatsika, kuvula jekete, kulipinda bwinobwino. Apongozi anakafika ku ukwati pa kabaza, anthu atatha kudya. A Yotamu manyazi anawagwira moti analakalaka nthaka itang'ambika.

Lole inakokedwa ndi thirakitala kubwerera kwa a Lunguzi. Mkuluyo anamasula kunsi kwa injini, kupisamo dzanja, n'kutulutsa phala lakuda lokhakhala. Analifikisa pa chikhatho cha a Yotamu, a Zefaniya akuona.

“Zonyezimirazi ndi nyenyeswa ndinkanena zija. Koma mchengawu sindikuudziwa. Injini imeneyi yapita.”

A Yotamu anayang'ana phala lija. Kenaka, ndi kamawu kakang'ono, anati, “Nanga injiniyo... sitingangoitsuka?”

A Lunguzi anangokhala patayala n'kugwira mutu. A Zefaniya ndi amene anayankha, mofatsa ndithu: “Alamu, kutsuka mwatsuka mokwanira. Mawa mulawirire, udzu wakula m'munda mwa amayi.”

Ndipo anapaliradi, bambo wa imvi, odutsa m'njira akuwapatsa moni wa dzina latsopano, lakuti Tingotsuka. N'chifukwa chake munthu akamaumirira chinthu choyenera kutaya, ife timangomuyang'ana n'kunena kuti: Tingotsuka adakwirira injini yachiwiri, n'kukapalira kwa apongozi.