Tsiku limene mtondo unandiulula

Mpaka lero ndikamva mtondo ukulira pamudzi, manyazi amandigwira. Zonsezi zinayamba ndi ndiwo zamasamba.

Nkhondo itatha ndinabwerera kwathu ku Ngauma ndekha. Akazi anga, amake Tereza, anatsala ndi ana ku Malawi, komwe tinathawira nkhondoyo, amvekere ndiyambe ndamanga nyumba. Nyumba ndinamanga. Ndinawaguliranso mtondo watsopano ku Mandimba, n'kudutsa nawo panjinga mudzi wonse ukuona. Mvula inagwa, chimanga chinacha, iwo osabwera. Kenako wina wochokera ku Malawi anandinong'oneza kuti anakwatiwa kwina. Sindinauze munthu. Aliyense wondifunsa ndinkangomuyankha kuti, "Akubwera, akudikira ana atsekere sukulu."

Masiku onsewo ndiwo zanga zinali kabichi. Kabichi safuna nzeru: kudula, kuponya m'madzi, kuwiritsa mpaka ayere ngati nsanza. Ndinkadya ndekha m'nyumba, ndipo nthawi zina ndinkazindikira kuti ndatsuka mbale zinayi pomwe wakudya ndi mmodzi. Ndinkawasowa kwambiri anthu anga.

Chizungulire chitayamba kundigwetsa kumunda, ndinapita kuchipatala ku Massangulo. Namwino anandiyang'ana m'maso ndi m'zikhatho.

"Bambo, magazi achepa. Mumadyera chiyani?"

"Repolyo," ndinayankha monyada, kumutchula kabichi m'Chipwitikizi (ndinkaona ngati kabichi ndi ndiwo za anthu otsogola).

"Mukamuphika mpaka kuyera, mukudya madzi. Chigwada chimaposa kabichi kutali pa zowonjezera magazi. Koma muwauze amayi asinje bwinobwino masambawo, aphikenso nthawi yaitali, apo ayi chimaledzeretsa."

"Ndikawauza," ndinatero.

Chinangwa chinalipo kuseri kwa nyumba. Vuto linali kusinja. Mwamuna kusinja poyera, ndiye kuti wavomera kuti mkazi alibe. Choncho ndinathyola masamba mozemba, n'kulowa m'nyumba, n'kutseka chitseko. Pofuna kuteteza buluku langa limodzi lokhalo, ndinamanga m'chiuno chitenje chomwe ndinawaguliranso amake Tereza. Ndinaganizira zonse, kupatula chimodzi: mtondo umamveka.

Thi! Thi! Thi! Thukuta lili kamukamu, ndinamva nthungululu kunja.

"Afika! Amake Tereza afika!" Anali Mayi Rozalina, oyandikana nawo nyumba.

Ndinaima, munsi uli m'mwamba. Ndikanatha kukhala chete, koma uchitsiru unandituma kuyankha kuti, "Atopa, akupuma!"

"Wotopa amasinja?" anatero, n'kukankha chitseko.

Pakhomo panali amayi a mudzi wonse, wina ndi lichero la ufa, wina ndi nkhuku yolandirira mlendo. Anandiyang'ana ine, chitenje, masamba omwazika pansi. Wina anayamba kuseka, ena n'kutsatira, mpaka nkhuku inapulumuka. Mayi Rozalina okha sanaseke. Anasuzumira kuchipinda, n'kuona mphasa imodzi.

"Sabwera eti, bambo?"

"Sabwera, mayi."

Mayi Rozalina anandilanda munsi, natulutsa mtondo panja. "Mumasinja ngati mukupha njoka," anatero. "Taonani kuno." Anandiphunzitsa kusinja ndi kuthira nsinjiro, kenako aliyense anabwerera kwawo. Ufa anausiya, nkhuku anaithamangitsa n'kupita nayo.

Namwino uja sananame. Chigwada chinandibwezera magazi, chizungulire chinatha, ndipo ndinayamba kusinjira pabwalo. Koma kuyambira tsiku limenelo palibenso anandifunsa kuti amake Tereza abwera liti, ndipo funso limenelo ndinalisowa. Kabichi analibe mphamvu, n'zoona, koma nthawi yonse yomwe ndinkamudya ndinali ndidakali ndi mkazi.