Mavu a m'Thirakitala Yatsopano

Ndikamadutsa ku Limbe kufupi ndi siteshoni, pali malo ena pamene ndimayenda chotukumula chifuwa koma maso ali kumbali. Pamenepo ndi pomwe ndinapulumutsa chuma cha mbumba yonse ya kwa akazi anga. Ndi pomwenso ndinavula kabudula dzuwa lili paliwombo.

Nthawiyo n'kuti nditangobwera kunkhondo, komwe ndinkayendetsa malole a asilikali. Ndinakwatira ku Chirimba, ndipo pamudzipo ndinalibe mawu. Ndikangoyamba za injini, alamu anga ankandidula kuti, "Mkamwini asamakule mwendo." Apongozi anga aakazi ndiye sitinkayang'anizana n'komwe. Tikakumana panjira, iwo ankalowa m'chimanga, ine m'udzu, monga mwa mwambo.

Tsono a Malunga, amalume a akazi anga, anasonkhanitsa abale kuti phindu la fodya wa zaka zambiri agulire thirakitala. Mzungu wina ku Limbe ankati ali nayo yatsopano, yongotsika sitima kuchokera ku Ulaya.

"Akamwini," anatero a Malunga, "paja mumati makina mumawadziwa. Mawa tipitire limodzi. Mukatigulitsa chitsulo chakutha, mukumbukire njira ya kwanu."

(Iwo ananena akuseka. Ine sindinaseke.)

M'mawa ndinavala kabudula wanga wausilikali, uja wa miyendo yotakasuka ngati thumba la chimanga. Mbumba yonse inanyamuka. Apongozi nawo anabwera, koma anakaima kuseri kwa bulugamu wa pachipata kuti tisaonane.

Thirakitalayo inali yofiira psuu, yonyezimira. Kalaliki wa mzunguyo, mwamuna wa tayi, anaisisita. "Onani matayala, bambo. Sanapondepo dothi."

Alamu anga anayamba kale kukangana za amene adzayambe kulimiridwa. Ine ndinayandikira n'kununkhiza. Penti inkanunkha ngati yadzulo, pamene chinthucho akuti chayenda miyezi panyanja. Ndinagwira chopondera mabuleki, ndipo chinali chosalala ngati mpini wa khasu lakale.

"Azungu amasalaza dala kuti phazi lisamapweteke," anatero kalaliki.

Ndinaviika chala mu oyilo n'kulawa. Anali wakuda bii, wowawa.

"Taonani mkamwini akunyambita mafuta a eni!" anafuula mlamu wina. Onse anaseka, a Malunga n'kuyamba kundiyang'ana ndi diso la nkhwezule. Mtima unandipweteka, sindibisa. Ndinkadziwa kuti pali chinyengo, koma fungo ndi lilime si umboni woonetsa anthu amene maso awo akopeka kale ndi penti.

"Tiilize timve mawu ake," ndinatero.

Ndinapukusa handulo. Injini inakhosomola, kenaka inabangula, chitsulo chonse n'kumanjenjemera. Ndinadumphira pampando monyadira, miyendo tang'a, kuti a ku Chirimba aone dalaivala weniweni.

Woyamba anandiluma pantchafu. Ndinapirira, poti ndine msilikali. Wachiwiri ndi anzake analowera m'miyendo ya kabudula muja n'kukafika kumene sindingatchule. Mavu, abale anga, gulu lonse, akutuluka pansi pa mpando! Za usilikali zinathera pomwepo. Ndinadumpha, kumasula lamba, kabudula uko, ine liwiro kulowera kuchipata. (Kumbukirani amene anaima pachipata.)

Umo ndi mmene ine ndi apongozi tinaonerana koyamba maso ndi maso. Iwo sanakuwe. Anamasula nsalu yawo yapamwamba n'kundiponyera, nkhope ataloza kumwamba ngati akuwerenga masamba a bulugamu.

Wina akanathawa mpaka ku Soche. Ine ndinamanga nsaluyo m'chiuno n'kubwerera. Ndinazimitsa injini, ndinatenga ndodo ya a Malunga n'kutukula mpando. Pansi pake panali chisa chachikulu ngati mbale, chakale, mbali imodzi itapakidwa penti yofiira ija.

"Kafunseni bwana wanu," ndinauza kalaliki, "mavu awa anakwerera kuti sitima? Ndipo anawapentera nyumba ndani, ku Ulaya komweko?"

Kalaliki anangogwira tayi. Mzungu anasuzumira pakhomo, anaona chisa, anaona ine ndi nsalu yamaluwa, n'kubwereranso m'kati. A Malunga anavala chipewa. "Tiyeni kwathu," anatero. "Akamwini atsogole."

Ndinagona chafufumimba masiku angapo. Nditayamba kukhala pansi, ndinaona apongozi akubwera okha, nkhuku ili m'manja. Ndinati ndithawire m'nyumba, koma anakhala pakhonde n'kundiitana.

"Apongozi," anatero iwo kwa ine, "khalani. Zobisalirana zithe lero. Chatsala n'chiyani choti ndisaone?"

Kuyambira tsikulo, mwambi wa mwendo uja sindinaumvenso, ndipo ku Chirimba munthu akafuna kugula ngakhale njinga amayamba wandiitana. Kununkhiza ndimanunkhizabe, oyilo ndimalawabe. Koma pampando ndimati ayambe wakhalapo wogulitsa.