Mwana Wanga Waitanidwa ku Intaviyu

LOLEMBA

Ndine bambo! Mwana wamkazi, wobadwa Loweruka, ali kwa apongozi ku Chia pamodzi ndi mayi ake. Mphuno watenga yanga. Pepa mwanawe, sindinachitire dala.

Dzina alibe. Apongozi akuti mwana woyamba amatchula ndi akuchimuna, ndiye poti bambo anga anatisiya kale, ntchito yagwera ine. Andipatsa mpaka Lamulungu, tsiku lotuluka m'chikuta. Komabe aliyense waponyapo lake:

- Mkazi wanga: Esnart.
- Apongozi aakazi: Pilirani, chifukwa kubadwa kwake kunavuta, masiku awiri athunthu.
- Mlamu wanga: Matipate. Munthu ameneyu chivotereni ndale za zipani zambiri mutu sunazizirebe.
- Ine: Leslie. Ndinaliona pa nyuzipepala yokulungira usipa, pansi pa chithunzi cha munthu wovala tayi.

Anzangawa akusankha ndi mtima, ine ndikusankha ndi mutu. Ndine kalaliki wotsegula makalata pa kampani yogula mpunga pa Boma pano, ndipo ndimaona ndi maso anga zimene dzina limamuchita munthu. Bwana akamafuna wantchito sawerenga kalata, amangothamangira pansi pomwe pali dzina. La mwamuna, m'fayilo. La mkazi, m'katoni ya sopo ili kunsi kwa tebulo. Pa wailesi akulalikira za jenda m'mawa ndi masana, koma katoni ija simvera wailesi.

Mwana wanga sadzalowa m'katoni. Ndikufuna dzina loti bwana aliyense akaliona azikonza tayi.

LACHIWIRI

Nzeru zabwera ndikutsuka mkamwa! Kampani ikufuna kalaliki wa ku depoti, makalata ofunsira ntchito akulowa tsiku ndi tsiku. Ndilemba makalata anayi abodza: sukulu imodzi, satifiketi imodzi, mawu ofanana, kusiyana dzina lokha. Limene bwana alitole ndilo la mwana. Sayansi yeniyeni! Ndani winanso m'boma lino anasankhapo dzina motere?

Masana anzanga ali ku chiwaya, ine ndili pa taipi ndi zala zanga ziwiri. Onse anayi ndi a Phiri ngati ine ndemwe. Palibe angadabwe, mu ofesi muno mokha a Phiri tilimo anayi. Maadiresi atatu ndapeka bwinobwino. Pa yachinayi mutu wauma, nthawi yathanso, ndangolemba sukulu ya kumudzi kwa mkazi wanga, kudzera kwa apongozi aamuna. Ndi ya Pilirani imeneyo. Dzina la mavuto ngati limeneli angalitole ndani?

Ndaponyamonso kalata yanga yeniyeni. Ntchito ya ku depoti ili ndi njinga.

LACHITATU

Bwana akhala pa mulu wa makalata. Ine ndaima pambali, ndikunamizira kufunafuna chidindo chimene chili m'thumba mwanga. Zotsatira:

- Esnart. "Ku depoti kulibe zophika tiyi." M'katoni.
- Matipate. "Uyu adzatiyambitsira sitalaka." M'katoni.
- Leslie. Ayang'anitsitsa nthawi yaitali. "Mwana wa bwana uyu. Fumbi la mpunga likangomuyabwa athawa sabata yomweyo." M'katoni. Leslie wanga!
- Ine. Aseka mpaka kutsokomola. "Iwe khala pomwe ulipo." M'katoni, pamwamba pa Esnart.
- Pilirani. "Eya! Mwamuna wa kumudzi uyu, wakhama, wosadziwa kudandaula. Ndikumuona kale atasenza thumba." M'fayilo!

Apongozi aakazi sanapondepo m'kalasi, koma andigwetsa pa sayansi yanga yomwe. Sindiwauza. Lamulungu nditchula Leslie basi, sayansi nayo imalakwitsa.

LACHINAYI

Zayamba kununkha. Bwana akufuna Pilirani Phiri abwere ku intaviyu Lolemba. Kalata yomuitana wataipa ndi ndani? Ine. Pa envulopu ndalemba Mr. Pilirani Phiri.

Pulani: ndituluke ngati ndikupita ku positi, ndikaiponye m'chimbudzi. Ndafika kale pakhomo, bwana akuwa: "Positi ichedwa! Patsa a Saidi, mawa akukatenga mpunga ku Chia."

A Saidi ndi dalaivala wa lole yathu, mkulu wa swala zisanu pa tsiku, sanatayepo kalata ya munthu chiyambire ntchito. Ndawalondola mpaka ku garaja. Ndayesa:

- Kuti adiresi yalakwika. "Ndikafunsa, pakamwa ndili napo."
- Kuti ndikapereka ndekha Loweruka. "Bwana apatsa ine, mwanangu. Ndikapereka ndi dzanja langali, inshallah."
- Kuwauza zoona. Lilime lakana.

Aika kalata m'thumba la malaya, amanga batani, agundagunda pachifuwa. Anthu okhulupirika ndi oopsa!

Ndapemphera kuti lole ife. Ndadutsanso pa garaja madzulo, ikulira bwino kuposa masiku onse.

LACHISANU

A Saidi abwerako msanga kuti apeze swala ya Ijumaa. Aima pa chitseko cha bwana, ofesi yonse makutu tcheru.

"Bwana, Pilirani Phiri ndamupeza. Koma Lolemba sakwanitsa. Mchombo sunagwe."



Afotokoza mwatsatanetsatane, osadumpha kanthu. Kalata anaipereka kwa ahedi a pa sukulu ija. Ahedi anayenda nayo okha mpaka kwa apongozi, n'kuiwerenga mokweza pamaso pa amayi opuntha mpunga, kumasulira m'Chichewa liwu ndi liwu. Pakhomopo Phiri ndi mmodzi yekha, wa masiku asanu ndi limodzi, ndipo apongozi ayamba kale kumuitana Pilirani osadikira ine. Mkazi wanga anamvera m'nyumba. Akuti anaseka mpaka bere linapulumuka mkamwa mwa mwana.

Ndaulula zonse, maso ali pa simenti. M'mutu ndikudziona kale ndikukoka khoka kunyanja, tayi ili m'khosi. Mwana adya chiyani? Ndikudikira mawu oti longedza.

Bwana afunsa funso limodzi lokha. "Ndiye kuti Pilirani ameneyu ndi wamkazi?"

"Inde, bwana."

Akhala pansi, agwira mutu. Za makalata abodza sakuzitchula. Za ukhanda sizikuwakhudza. Chawapweteka n'chakuti mkazi wagona m'fayilo mwawo masiku awiri, iwo atamuyamikira ndi pakamwa pawo.

Ntchito yapulumuka, pang'onong'ono. Kalata yondichenjeza ndataipa ndekha, ndasayina ndekha kuti ndalandira, ndaboola ndekha, ndaika ndekha. Sabata yonse ino, iyi ndiyo kalata yokha ya dzina langa imene yalowa m'fayilo.

LOWERUKA

Minibasi ya ku Chia, ndakhala pa thumba la chinangwa. Ndikungotsika, amayi ogulitsa nsomba pa mlatho ayamba: "Bambo a Kalaliki afika!" Dzina lamumata mwana kale, lafika mpaka pamsewu. Ndayenda mwachangu ngati ndaiwala chinachake.

Pakhomo palibe wondimvera chisoni:

- Apongozi aamuna, nkhope ili gwa: "Mwabwera kudzawatenga a Kalaliki? Pepani, suti yawo sitinasite."
- Ahedi akufunsa ngati kampani ifuna kalata ya umboni wa khalidwe. Akuti mpaka pano sanamvepo choipa, kupatula kulira.
- Mlamu akuti mwana apite ku intaviyu, ndi ufulu wake wachibadwidwe, tinavotera zomwezi.

Ndayesa kulowetsapo Leslie, mwakachetechete. Apongozi aakazi ayankha atayang'ana kumbali, mwaulemu wake wonse: "Ofesi yanu yomwe yasankha, bambo. Ife osaphunzira tingatsutsane ndi ofesi?"

Ndalowa m'nyumba, ndamunyamula. Wopepuka ngati envulopu. Wandigwira chala, chimodzi mwa ziwiri zotaipira zija, osafuna kusiya. Ndimamukonda mwanayu mpaka ndikuchita mantha. Masiku asanu ndi awiri okha, wandiposa kale pa ntchito ya ku depoti.

LAMULUNGU

Mchombo wagwa. Mwana amumeta, watuluka, anthu adzaza bwalo. Afunsa dzina kwa akuchimuna. Akuchimuna ndi ine ndekha. Ndaimirira, ndakonza kolala, ndati Pilirani.

Nthungululu! Kenako aliyense wodzamuona akugwada n'kunena, "Takulandirani a Kalaliki." Pilirani likhala la pa khadi la kuchipatala basi. Ndinkafuna dokotala, ndinkafuna loya. Ndamupatsa ntchito yanga yomweyi, yopandanso njinga.

Mkazi wanga wakulunga kalata ija m'pepala la shuga, waika pansi penipeni pa sutikesi, pomwe amasunga chitenje cha ukwati. Ndati aitaye, yandichititsa manyazi mokwanira. Wakana. "Mudzi uno mtsikana sanaitanidwepo ku ofesi. Akadzakula adzaione." Sakuseka. Inenso kuseka kwandithera.

Mawa ku ntchito. Choyamba kutaipa chili kale pa tebulo, bwana anandisiyira Lachisanu poweruka: chidziwitso chatsopano chokhoma pa chitseko. Kuyambira tsopano aliyense wofunsira ntchito azilemba poyera ngati ndi mwamuna kapena mkazi, aziikaponso chithunzi. Kampata kamodzi komwe mwana wanga akanadzalowera ndakatseka ndekha, ndi zala ziwiri.

Akutinso ndidzere ku golosale, ndikapemphe katoni yokulirapo. Ija yadzaza.