Jeffrey Anagwira Chitseko

Pulani inabadwira kwa a Maria Loweruka masana, pansi pa mtengo wa manachesi, chigubu cha masese chili pakati. Mwini pulaniyo anali Lameki, amene ankadzitcha Jenerali ngakhale kuti nkhondo yokha yomwe anamenyapo inali ya njuchi, ndipo anagonja.

"Amwene, taonani izi," anatero akuyendetsa foni yosweka galasi. Anali atajambula chikwangwani cha kutsogolo kwa labu yatsopano yomwe inkamangidwa pachipatala chaching'ono cha kwawoko. Pachithunzipo panali mafiriji awiri, makina oonera tizilombo ali ndandanda, ndi namwino akumwetulira. "Zonsezi zili mkatimo. Firiji imodzi tikaifikitsa pa Zalewa, tibwerako pa njinga yamoto yathuyathu."

Jeffrey anavomera ndi mutu. Anzake ankamutcha Chipupa, chifukwa cha chifuwa chake komanso chifukwa mawu akamugunda ankangobwerera.

Wachitatu anali Gerishon, Dokota Theka. Anaphunzira za labu chaka ndi theka ku Blantyre, n'kusiya kuti adzadwazike mayi ake. Makhololo a mayiwo anapita kukapimidwa kutali pa njinga yamoto, ndipo zotsatira zinafika patatha masiku anayi chiikireni maliro. Kuyambira pamenepo, akamadutsa pa labu yatsopanoyo ankayang'ana kumbali.

"Chithunzicho n'cha kompyuta," anatero Gerishon. "Achemwali anga a Ethel amasesa kumeneko. Akuti mayi Salma, okonza mapulani a nyumbayo aja, amangouza kompyuta kukula kwa chipinda ndi ntchito yake, iyo n'kujambula mmene chidzaonekere."

"Kompyuta ingajambule bwanji firiji yomwe kulibe?"

"Tawerengani zala za namwinoyo. Zilipo zisanu ndi chimodzi."

Jenerali anawerenga kawiri. "Ndiye kuti ndi wa m'tauni. Iwe Dokota, sukulu unaisiyira panjira, usatiphunzitse. Kiyi amasunga achemwali ako, eti? Kapena ukuinyengerera labu imene inadikira kuti mayi ako ayambe amwalira?"

Mawuwo analowa ngati minga ya m'chidendene. Gerishon ankadziwa bwino kuti kiyi akasowa, ntchito ya Ethel yatha, ndipo ntchito imeneyo ndi yomwe inkagula mchere ndi sopo pakhomo chimwalirire mayi. Koma anakweza chipanda, n'kumwa mpaka pansi.

Lamlungu m'mawa, Ethel akusamba, Gerishon anasolola kiyi m'thumba la Baibulo. Anthu onse atalowa m'matchalitchi, ndipo mlonda atatsetserekera kumsika kukagula mandasi, atatuwo anafika ndi wilibala ndi masaka awiri.

Kiyi anatsegula bwinobwino. Analowa m'kachipinda kopapatiza, kutsogolo kwawo kuli chitseko chachiwiri chokhala ndi kawindo ka galasi lochindikala, pamwamba pake kagetsi kofiira. Jenerali anakankha. Zii. Chipupa anaikapo phewa. Zii. Kenaka mphepo ya m'mapiri inawomba, chitseko chakunja chinadzitseka, phaa! Kagetsi kanasanduka kobiriwira, chitseko chamkati n'kutseguka ngati chikuwalonjera.

"Mwaona? Chaopa," anatero Jenerali. "Koma iwe Chipupa, lamulo loyamba la ntchito yathu ndi liti?"

"Mbava sitseka chitseko kumbuyo."

"Basi. Bwerera ukatsegule chakunjacho, uchigwire. Kaya kugwe mvula, kaya ndikuitane ndine, usachisiye."

Jenerali ndi Gerishon analowa, chitseko chamkati chinadzitseka kumbuyo kwawo, Jeffrey n'kutsegula chakunja. Mkatimo munali simenti, fungo la penti, ndi matepi achikasu omatidwa pansi. Apa matepiwo atapanga kabokosi kolembedwa FIRIJI 1. Apo FIRIJI 2. Mivi yolozera mbali imodzi. Pakhoma panapachikidwa mapepala ambiri, lililonse likuonetsa chipinda chomwecho chitayalidwa mwa mtundu wina. Kompyuta inali idakayesa kuti chilichonse chikhale pati kuti wogwira ntchito asamawombane ndi mnzake atanyamula magazi.

"Atitsogolera!" anakuwa Jenerali. "Mbava za ku Mwanza izi!"

Gerishon anali ataima pa kabokosi ka pafupi ndi windo, kolembedwa kuti: MAKINA OPIMA MAKHOLOLO, ZOTSATIRA TSIKU LOMWELO. Anawerenga kanayi konse. Kabokosiko kanali kakang'ono, kosaposa mphasa ya mwana.

Jenerali, posafuna kutuluka chimanjamanja, anamatula tepi ya FIRIJI 1 n'kuiponya m'saka. "Tiye."

Chitseko chinakana. Kagetsi kofiira.

Apo m'pamene Gerishon anakumbukira phunziro la chaka choyamba. Chipinda chopimira makhololo chimakhala ndi zitseko ziwiri, ndipo sizitseguka nthawi imodzi, kuopa kuti mpweya wa matenda ungatulukire kunja. China chikakhala chotsegula, chinzake chimadzikhoma.

"Jenerali, Jeffrey atseke chakunjacho. Akatseka, ichi chitseguka."

"Wapenga? Atitsekere?"

"Ndi mmene anachikonzera!"

Anakangana mpaka Jenerali thukuta linamutsika m'khosi, n'kugonja ngati tsiku la njuchi lija. Onse awiri anayamba kumenya galasi, akukuwa kuti tseka, tseka! Koma galasilo silinkatulutsa mawu. Jeffrey anaona abwana ake akugwedeza manja, anakumbukira kuti "kaya ndikuitane ndine", ndipo anamwetulira, n'kukweza chala chachikulu. Pofuna kuonetsa khama, anakoka ndi phazi mwala waukulu womwe unali pafupi n'kutchingira chitsekocho, iye n'kukhalapo.

Chimene atatuwa sankadziwa n'chakuti mayi Salma anali akuyesa zitsekozo sabata imeneyo. Chitseko chikakhala chotsegula nthawi yaitali, uthenga unkapita wokha pafoni ya wosunga kiyi. Foni ya Ethel inalira pakati pa ulaliki. Anapisa dzanja m'thumba la Baibulo, kiyi mulibe. Anadzuka nkhope itagwa, ndipo amayi a chigwirizano, poganiza kuti kwagwa zovuta, anamutsatira onse khumi ndi awiri, yunifolomu zili mbuu.

Anapeza Jeffrey atakhala pamwala.

"A Jeffrey, mukutani pano?"

"Ndagwira chitseko, mayi."

"Mwagwirira ndani?"

Jeffrey anaganiza kaye. "Sindikuloledwa kunena kuti a Lameki."

Ethel anamukoka khutu, anagubuduza mwala, analowa n'kutseka chitseko. Kagetsi kobiriwira. Jenerali anatuluka saka lili paphewa, n'kugwera m'manja mwa amayi khumi ndi awiri. Pambuyo pake panatuluka Gerishon.

Ethel sanakuwe. Anangomuyang'ana, ndi maso omwe aja a mayi awo.

Mlonda anafika akupukuta mafuta a mandasi, wapolisi wa m'mudzi ali pambuyo, ndipo funso loyamba linali lomwe Gerishon ankaliopa: kiyi anawapatsa ndani? Maso onse anatembenukira kwa Ethel.

"Lamulo lachiwiri," ananong'ona Jenerali. "Pakamwa tseka."

"Malamulo anu a zitseko ndatopa nawo," anatero Gerishon. Anakweza mawu kuti aliyense amve. "Kiyi ndinaba ndine, m'thumba la Baibulo, achemwali akusamba. Sakudziwapo kanthu. Lembani choncho."

Wapolisi analemba. Kenaka anakhuthula saka kuti aone katundu wobedwa, ndipo panagwa tepi yachikasu yokhwinyata. Anaitambasula, anawerenga, n'kufunsa mwaulemu ngati a Jenerali ankafuna kuikamo nyama kapena zakumwa.

Chilango chinali kugwira ntchito pachipatala pomwepo miyezi itatu. Ethel ntchito sinamuthere, koma kiyi anayamba kumuvala m'khosi, ngakhale posamba, ndipo anatha masabata awiri osamulankhula mchimwene wakeyo.

Mayi Salma atafika Lolemba, anafotokozera kompyuta yawo zonse zomwe zinachitika. Iyo sinaseke. Inangolangiza kuti pakhomopo pakufunika chikwangwani cha m'Chichewa, cha zilembo zikuluzikulu. Burashi anapatsa Dokota Theka, poti ndiye anali ndi dzanja labwino.

Analemba mosamala, penti osadontha: TSEKANI CHITSEKO ICHI KAYE, CHINACHO CHITSEGUKA. Atamaliza, anapempha kuti tsiku lodzafika makina a pafupi ndi windo aja, adzanyamule nawo.

Jeffrey anaima pambali ndi khasu lake, akuwerenga chilembo chimodzichimodzi. Atafika kumapeto anapukusa mutu.

"Komatu ine sindinachisiye," anatero.