Ndevu za a Zakeyu ndi Limu ya Gulu la Ndowa

Mwambi uwu unayamba motere, ana inu, ndipo ndikanama ngakhale liwu limodzi, mphenzi indipeze pomwe pano dzuwa likuswa mtengo!

Kale pa Thundulo, masitolo akadali ofolera ndi udzu, moto unkatichezera ngati mlamu. Anthu atatopa nazo anayambitsa Gulu la Ndowa, lopanda malipiro. Anapachika limu ya gudumu la lole pamtengo wa mango pamsika n'kuika lamulo: limu ikalira, aliyense athamange ndi ndowa, tindandalike kuchokera kuchitsime mpaka pamotopo. Kukuwa kwa pakamwa sitinkakuwerengera, chifukwa zidakwa zinkakuwa "Moto!" pongofuna kuyatsa fodya.

Ndiye panali telala, a Zakeyu, a ndevu zofika pamchombo. Ankazidzoza mafuta a nsatsi m'mawa uliwonse, poti mayi wina wogulitsa zitumbuwa, Nasibeko, anali atanena kuti adzakwatiwa ndi ndevuzo, mwini wake angoperekeza. M'gululo anakana kulowa. "Ndowa yanga njatsopano, mungaipinde," anatero.

Tsiku lina a Andiseni, okhoma zidebe pakhonde loyandikana nawo, anapsa ndevu akuuzira moto.

"A Zakeyu, madzi!" anakuwa.

A Zakeyu anangogwira nthiti ndi phwete. "Akuwawula mbuzi ndani kuno? Mutigawireko chiwindi!"

Mwamwayi wina anaimba limu, gulu n'kuwazima.

Koma phokoso la limu linkawasokoneza a Zakeyu tulo ta masana. Lamulungu anthu ali kutchalitchi, anakaimasula, n'kuisandutsa mbaula yokolezera makala a simbi.

Lolemba m'mawa anawerama kuti auzire makalawo. Ndevu zamafuta zija zinangoti lawi!

"Moto! Moto!"

Kumsika anthu anatchera khutu. "Limu yalira? Ayi. Chidakwa chimenecho, chalawirira bwanji lero!"

Amene anatulukira ndi a Andiseni okha, atanyamula chidebe cha madzi oziziritsira zitsulo, akuyenda ngati akuperekeza mkwatibwi.

"Achimwene, ndizimireni!"

"Lamulo ndi lamulo, akulu. Ndikaimbe kaye limu. Ili kuti kodi?"

"Ndi iyi ikundiwotchayi!"

"Ooh. Nanga chiwindi chapsa?"

"Andiseni, chonde, ndapota nanu!"

Apo mpamene a Andiseni anawakhuthulira chidebe chonse kumaso. Chibwano chinatsala ngati lupsa. Nasibeko atabwera anayang'anitsitsa n'kupukusa mutu. "Amene ndinkawafuna aja amwalira," anatero, n'kubwerera ku zitumbuwa zake.

M'mawa mwake limu inapezeka ikulendewera pamtengo wake, yakuda bii, ndipo pansi pake panali ndowa yatsopano. Kuyambira pamenepo limu ikangoti ngwee, woyamba kufika kuchitsime anali a Zakeyu. Wina akachedwa, a Zakeyu ankasisita chibwano chawo chosalalacho n'kumuuza kuti: "Mnzako akapsa ndevu m'zimire, mawa adzazima zako."

Zoti ndevu zinkafika pamchombo zokhazo ndawonjezera ine. Zinkalekeza pabatani lachiwiri.